Thabwa la Taonga ndi Madzi a ku Kanyama

Tinanyamuka ku Mtendere Loweruka m'mawa mvula itangokata, ine ndi mwana wanga Taonga. Ndinasiya tebulo langa la zovala za salaula pa tsiku limene anthu amagula, ndiye musandifunse ngati ndinkamwetulira. Ndalama ndinazimanga m'kansalu, kansaluko n'kukabisa pamalo pamene wakuba angafike pokhapokha atayamba wandikwatira.

Taonga amaperekera zakudya pa malo ena ogona alendo ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Kumeneko ndi kumene anaphunzira masewera odabwitsa: munthu amaimirira pa thabwa loyandama, n'kugwira thanga lomangidwa pa mlongoti, mphepo n'kumamukankha pamadzi. Anaphunzirira pa thabwa la alendo, lalikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Tsopano ankati walikulira, akufuna lakelake, locheperapo, loti lizimumvera akafuna kukhota. Anali ataona pa foni kuti bambo wina wa ku Kanyama akugulitsa matabwa awiri ndi matanga atatu.

Ndinakana mpaka mawu anasasa. Mwana ndi mmodzi yemweyu, nyanjayo ili ndi ng'ona, ndipo ine madzi amene ndimawakhulupirira ndi a m'ndowa basi. Nditaona kuti ndikulankhula ndi mwala, ndinaika lamulo: agule, koma wosankha thabwalo ndikhale ine. Ngati mwana wanga aziimirira pamwamba pa madzi akuya, chimene chili pansi pa mapazi ake chikhale chimene manja anga agwira. Iye anavomera monyinyirika.

Minibasi ya ku tauni tinalipira makwacha khumi ndi asanu aliyense. Kondakitala anatipanikiza kumbuyo ngati zovala m'belo.

"Fendelani, amai, pankhale anayi apo!"

"Nifendele kuti, mwana wanga? Panja pa windo?"

Titadutsa ku Kalingalinga, Taonga anayamba kundiphunzitsa.

"Amai, mvelani bwino. Bodi ija ya ku nchito ni ya malita thu handiredi na chakuti. Manje ine nifuna ya wanu fifite olo wanu sikisite."

"Malita? Kansi tiyenda kugula saladi yophikila?"

Anapuma mpweya wautali, n'kufotokoza kuti malitawo amasonyeza mphamvu ya thabwa yoyandama. Akachepa kwambiri, thabwa limatitimira munthu akaimapo kuti akoke thanga m'madzi. Akachuluka, limakhala ngati ngolo, mphepo ikakula silifuna kukhota. Wophunzira amene wayamba kuzolowera amafuna lapakati. Ine ndinamva chimodzi chokha, chakuti mwana wanga akufuna kuchoka pa chachikulu kupita pa chaching'ono, ndipo sizinandikomere.

Nkhalamba ina yovala jekete la mlonda inali kumvetsera. Inati, "Alekeni, amai. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

"Wanga si wa ng'ona, atate. Ng'onazo ndiye zamene niyopa."

Minibasi yonse inaseka, ine ndekha ayi.

Tinatsika m'tauni cha m'ma 9 koloko. Tikudya zitumbuwa zotentha za makwacha awiri chimodzi pafupi ndi msika, foni ya Taonga inalira. Anali wogulitsa uja, a Sakala. Dzulo lake anali atalonjeza kutichingamira pa siteji, tsopano ankati tikawapeze kunyumba chifukwa madzi atseka njira. Mtima wanga unangoti phwii. Munthu wosintha malo okumanirana tsiku lomwelo ine ndimamuika m'gulu limodzi ndi wogulitsa foni mumdima. Ndinagwira pamene panali kansalu kaja, kanalipo.

Minibasi ya ku Kanyama inali ya makwacha khumi, ndipo inayenda mpaka pamene msewu unathera m'madzi. Dalaivala anazimitsa injini, n'kunena kuti amene akufuna kupitirira amere zipsepse. Amene simunafikeko ku Kanyama nthawi ya mvula, dziwani kuti kumeneko madzi sapita, amabwera kudzakhala. Ndi ofiirira, amayandamitsa mapepala ndi mabotolo, ndipo fungo lake silifuna kufotokoza munthu atangodya.

Pamphepete panakhala mayi wina ndi mulu wa majombo obwereketsa, makwacha asanu kupita ndi kubwera.

"Siyani nsapato zanu pano, muzazipeza," anatero.

"Nisiye nsapato za chikumba, nitenge majombo ya mphila? Amai, naine nine wa bizinesi."

"Manje ngati mwathaba na majombo yanga?"

Tinayang'anana, aliyense akuona wakuba mwa mnzake. Pomaliza ndinamusiyira nsapato imodzi, inayo n'kuiika m'chikwama. Nsapato imodzi sagulitsa.

Tinayenda m'madzi ofika m'mawondo, tikufunsa njira, mpaka tinafika dzuwa lili pamutu. Nyumba ya a Sakala inali pa kachitunda, pakhomo ataunjikapo matumba a mchenga. Iwo anali bambo wamfupi, wa malaya oyera osita bwino, ndi mano onse panja. Munthu wa malaya oyera pakati pa matope ine amandipatsa mafunso.

"Ba Sakala, ku Kanyama kulibe nyanja. Ivi vinthu munavichosa kuti?"

Anati ankayendetsa galimoto ya azungu ena amene ankakonda kupita ku Kariba, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira katunduyu. Nkhani imeneyi ndaimvapo pa mafiriji, pa njinga, ngakhale pa agalu. Sindinaikhulupirire, sindinaikanenso.

Tinayamba ndi matanga, ndipo apa ndinali kwathu, chifukwa nsalu ndi nsalu. Anawayala pabwalo. Lalikulu kwambiri a Sakala analitamanda kuti ndi lamphamvu, koma mbali yake ya pulasitiki inali itachita mbuu ndi dzuwa, ndipo nditaipinda inalira ngati pepala la mabisiketi. Ndinakanda msoko ndi chikhadabo, ulusi n'kuduka.

"Iyi yafa," ndinatero.

"Olo yenze yamoyo, seyilo ikulu so, ya saizi seveni, inganidonse monga kapepala," anatero Taonga. "Ine nikali kuphunzila."

Awiri otsalawo misoko yake inali yolimba. Taonga anati akufuna onse, lokulirapo la masiku a mphepo yofatsa, laling'ono la masiku amene mphepo yalusa. Laling'onolo linali ndi chigamba, koma chosokedwa ndi munthu wodziwa ntchito. Ndinavomera. Mlongoti ndi chogwirira cha thanga anaziyang'ana yekha, akuyendetsa chala kufuna ming'alu, ndipo sanaipeze.

Kenako anatulutsa matabwa. Loyamba linali lachikasu, lokulirapo pang'ono, lonyezimira penti. Lachiwiri linali loyera, lokandikakandika, looneka kuti laona zambiri. Ndinanyamula loyeralo, linangobwera lokha ngati lichero. Ndinanyamula lachikasu, msana unandiuza zaka zanga.

Tsono ife a kumsika tili ndi lamulo limene silinandinamizepo. Cholemera ndiye chenicheni. Poto wolemera, simbi yolemera, bulangeti lolemera, jinzi yolemera. Chopepuka ndi gong'a, chopangidwa mothamanga kuti chife mwezi usanathe.

"Titenga ya yelo," ndinatero.

"Amai, awe! Bodi siifunika kulema so. Malita yake yanasiyana pang'ono chabe na iyi yoyela, manje ilemela chani?"

"Iwe, nayamba kusankha katundu ukalibe kubadwa. Tinapangana kuti osankha nine."

Ndinamulera kuti asamanditsutse pamaso pa alendo, ndipo tsiku limenelo anamvera. Anangoyang'ana kumbali misozi ili lengelenge.

"Mwaona manje!" anatero a Sakala akuwomba m'manja. "Amai aba baziba vinthu. Yolema ndiye orijino. Nizakuchoselaniko na faivi handiredi."

Apa ndi pamene tsitsi langa linaima. Ndakhala pamsika moyo wanga wonse, ndipo sindinaonepo wogulitsa akutsitsa mtengo wa chinthu chabwino wogula asanadandaule n'komwe. Ine ndikatsitsa diresi msangamsanga chotero, ndiye kuti kukhwapa kuli bowo.

"Imikani bodi iyi pa chipupa, pa zuba," ndinatero.

"Ah, amai, nthawi..."

"Nili nayo nthawi. Nsapato yanga ili na onisungila."

Analiimika, mchira pansi. Ndinapempha mpando, n'kukhala, maso pa thabwa. A Sakala anayamba kukamba za mvula, za mitengo ya ufa, za mpingo wawo. Patapita kanthawi, kumunsi kwa thabwalo kunaoneka kadontho. Kenako kena. Timadzi tofiirira tinayamba kutsika pa simenti, ndipo fungo lake linali lomwe lija la mumsewu. Ndinadzuka, n'kukanikiza ndi chala pamene timatulukira. Panabonyoka ngati papaya wakupsa kwambiri. Ndinakanda penti, pansi pake panali mng'alu wautali womatidwa ndi phala la okonza magalimoto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, mayi wina woyandikana nawo anasuzumira pa mpanda.

"Ba Sakala, lelo simuwolosa malasha? Masaka yanga yali ku mseu kuchokela kuseni. Ili kuti boti yanu ya yelo?"

A Sakala anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

Taonga anandiuza motsitsa mawu kuti m'kati mwa matabwa amenewa muli chinthu chopepuka ngati chija amatchingira wailesi yatsopano m'katoni. Chikopa chakunja chikang'aluka, cham'katicho chimamwa madzi, ndipo sichiumanso. Kulemera kumene ndinkakutamanda kunali madzi a ku Kanyama.

"Pakati pa nyanja, na mafunde, ingathyoke pabili," anatero.

Ndinakhalanso pampando. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo. Ndinabwera kudzateteza mwana kwa akuba, kwa onama, kwa aliyense, koma pakamwa pamene panatsala pang'ono kumutumiza pakati pa Kariba pa thabwa lowola panali panga.

Mantha atachepa, mkwiyo unabwera, ndipo ndinaukira thabwa loyera lija. Ndinalikanikiza ndi chala kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndinaligogoda, ndinalinunkhiza, ndinaliimika padzuwa. Linali louma gwa. Komabe sindinakhutire.

"Siniyika ndalama pa chinthu chamene sininaone chisebenza."

Kuseri kwa nyumbazo kunali bwalo la mpira limene linali litasanduka dziwe, madzi ofika m'chiuno. Ndinadana nawo madzi amenewo, koma nyanja ina panalibe. Taonga anamanga thanga laling'ono pa mlongoti, manja ake akuyenda mofulumira m'njira imene sindinkaidziwa. Ndinamuuza kuti akagwa atseke pakamwa, ndipo akafika kunyumba asambe ndi sopo wochapira. Anthu anayamba kusonkhana, ena pa mipanda, ena pamadenga.

Anakwera ndi mawondo, n'kuimirira. Thabwa linagwedezeka, mtima wanga n'kugwedezeka nalo, koma silinatitimire. Anakoka chingwe, thanga linatuluka m'madzi likudontha. Kamphepo kamene kankangogwedeza zovala pa chingwe kanalowa m'thangalo, ndipo mwana wanga anayamba kuyenda. Anadutsa pakati pa bwalo wopanda phokoso lililonse, msana uli chilili, akucheperachepera. Pafupi ndi golo la kutsidya anaponda kumbuyo, thabwa linazungulira, iye n'kudutsa kutsogolo kwa mlongoti ngati akulambalala mphika kukhitchini. Amayi a pamipanda analuluta.

"Ni mwana wa ndani uja?" wina anafunsa.

"Ni wanga," ndinatero. Ndinanyada, ndipo ndinamva chisoni nthawi yomweyo, chifukwa ndinaona kuti Taonga ameneyu ine sindinkamudziwa. Ndinkadziwa wa kunyumba, woiwala kutseka mpopi.

Pa mtengo ndinawafinya a Sakala mpaka mano aja analowa m'kati. Anayesa kunena kuti mng'alu uja sankaudziwa, ine n'kuwafunsa ngati penti inadzipaka yokha. Thabwa loyera, matanga awiri, mlongoti ndi chogwirira tinazinyamula pamutu mpaka kumsewu. Mayi wa majombo anandibwezera nsapato yanga, n'kuyang'ana majombo ake pansi ndi pamwamba ndisanachoke. Sindinamuimbe mlandu.

Minibasi zonse zinakana katundu wathu, ndiye cha m'ma 4 koloko tinachita hayala kalole kakang'ono kamene kanabweretsa makabichi. Dalaivala anayamba ndi makwacha mazana anayi, tinathera pa mazana awiri ndi theka. Anati ndikhale kutsogolo, ine ndinakana, n'kukwera kumbuyo ndi katundu.

Njira yonse ndinkaganiza. Ndinapita ku Kanyama kukafuna chinthu cholemera choti chimugwire mwana wanga. Koma pamadzi cholemera sichigwira munthu, chimamumiza. Chimene chingamusunge ndi chopepuka chomwecho chimene chimamuthamangitsira kutali ndi ine, ndipo ndinali nditachilipira ndi dzanja langa.

Titalowa mumsewu waukulu galimoto inathamanga, mphepo n'kuyamba kulowa pansi pa thabwa, mphuno yake ikudumphadumpha. Ndinaligwira ndi manja awiri.

"Amai, tamanga na nthambo," anatero Taonga akuseka. "Siingambululuke. Lekani chabe."

Ndinkadziwa kuti tamanga, mfundo zake ndinamanga ndine. Ndinaligwirabe mpaka pakhomo pathu ku Mtendere.