Dirilo Yopanda Swichi Inandidya Dzanja Lamanja

Inu owerenga, ine si munthu wodandaula pagulu. Ndakalamba ndisanapemphepo munthu kuti andimvere chisoni, ndipo lero sindikupempha. Ndikukuuzani izi kuti wina asadzasankhe makina mmene ndinasankhira ine. Ndinapita kukagula dirilo, makina oboolera zitsulo aja omangirira patebulo. Ndinaona ziwiri. Ndinatenga yolakwika, ndipo dzanja langa lamanja silili mmene Mulungu analipangira.

Ndimakhala kwa Mponda, kufupi ndi boma la Mangochi. Sukulu ndinalekezera kupulayimale. Moyo wanga wonse ndinkayendetsa lole m'njira za ku Makanjira ndi ku Katuli, kumene galimoto ikathyoka umakonza wekha, ukalephera ugona patchire. Kumeneko n'kumene ndinakondera chitsulo. Nditasiya ntchito ndinamanga kashedi kuseri kwa nyumba. Ndinkapangamo mahinjesi, mbaula, zokolowekera zitseko. Sindinkagulitsa. Anzanga amaswera pabawo, ine bawo langa linali chitsulo. M'kashedimo sindinkalola munthu kulowa, ngakhale mkazi wanga, Abiti Saidi. Tiyi ankasiya pakhomo n'kubwerera.

Chinkandivuta chinali kuboola. Dirilo yam'manja inkaterereka, mabowo ankatuluka opendama. Mwana wanga amene ali ku Joni atamva, anati ndikasankhe yapatebulo, zolipira aona iye.

Yoyamba anandionetsa m'sitolo ina ya zipangizo paboma. Inali yatsopano, yaing'ono. Wogulitsa anandilozera vaisi, chopanira chija chogwira chitsulo kuti dzanja lisayandikire. Anatsegula chivundikiro chapamwamba kundionetsa posinthira lamba kuti makina aziyenda pang'onopang'ono, poti chitsulo sichifuna liwiro. Kenako anagogoda timabatani tiwiri takutsogolo, kobiriwira ndi kofiira.

"Ambuje, mtima wa makinawa ndi apa. Magetsi akathima n'kubweranso, makinawa sadzuka okha. Amadikira mudine nokha."

Ndinaikankha ndi dzanja limodzi, inasuntha. Ndinati, "Ine ndikufuna makina, inu mukundionetsa chidole cha adzukulu."

Anaseka. "Chidole sichiluma, Ambuje."

Ndinatuluka osatsanzika.

Yachiwiri inali kwa bambo wina amene amabweretsa katundu wakale kuchokera ku Joni, mafiriji ndi njinga. Chitsulo chenicheni, chakuda, chonyamulidwa ndi amuna awiri. Chivundikiro inalibe, lamba anali poyera. Posinthira liwiro panadya dzimbiri, moti inkangodziwa kuthamanga basi. Vaisi inalibe. Swichi inafa kalekale, wina anangolumikiza mawaya, kuti ukayatsa pakhoma pomwepo yayamba. Musaganize kuti anandinamiza. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mwiniwake ananena yekha kuti ndikaikitse swichi. Ndinamuyankha kuti swichi ili kale pakhoma panga. Ndinayesa makina ndi kulemera, mmene tinkayesera masipulingi a lole. Cholemera ndicho cholimba, ndinkatero.

Nditamutumizira mwana wanga chithunzi pafoni, anafunsa kuti, "Ababa, chozimitsira chili pati?" Ndinamuuza kuti ine ndinatsitsapo lole yopanda mabuleki m'mapiri a ku Namwera iye asanabadwe. Ndalama anatumiza. Ana anga ndinawalera kuti azikhala chete ndikalankhula.

Soketi ya m'kashedi ili pafupi ndi chitseko. Tebulo ndinaika kumapeto, pawindo, powala. Kuti ndizimitse ndinkayenera kusiya makina n'kuyenda. Ndinazolowera. Mabowo ankatuluka oongoka, ndipo ndinkaitana anthu kudzaonera pawindo.

Kumzikiti kwathu jeneza, machira achitsulo onyamulira maliro, inathyoka chogwirira. Ena ankati ipite kwa owotcherera. Ndinaimirira pamaso pa amuna onse n'kunena kuti ndiduladula chitsulo chophwatalala, ndichiboole, tidzamange ndi mabawuti, ndipo Lachisanu ndibwera nacho kuswala, mapemphero athu a masana. Palibe anandituma. Ndinadzituma ndekha.

Lachisanu m'mawa ndinayamba kuboola. Ndili pabowo lomaliza, magetsi anathima. Biti, kachitsulo koboolera kaja, inakanirira pakati pa chitsulo. Ndinang'ung'udza, ndinatuluka. Swichi yapakhoma sindinazimitse. Inu owerenga, dzifunseni moona: magetsi akathima, ndi angati a inu amene amazungulira nyumba kuzimitsa zinthu zimene zazima kale?

Ndinadikira, magetsi sanabwere. Ndinasamba, ndinapanga udhu, kudziyeretsa ndi madzi kokonzekera swala, ndinavala mkanjo wanga woyera wa manja otakasuka ndi kofia. Nthawi ya swala inali itayandikira. Pamenepo mtima unandiluma. Ndikalowa bwanji mumzikiti chimanjamanja nditalonjeza pagulu? Ndinaganiza zokachotsa chitsulocho n'kupita nacho momwemo, bowo lotsalalo ndidzamalize ndi hamala. Ndinalowa m'kashedi ndi mkanjo womwewo. Ndinagwira mutu wa dirilo ndi dzanja lamanja n'kuyamba kuupotoza chobwerera kuti biti imasuke. Nsalu ya dzanja la mkanjo inali italendewera pachitsulo.

Magetsi anabwera.

Sindinamve kupweteka poyamba. Ndinamva phokoso, ndipo chitsulo chophwatalala chija chinazungulira ngati chikwanje. Chinakola nsalu, nsalu inakoka dzanja, dzanja linakulungika pabiti. Nkhope yanga inamenya patebulo. Makina olemera aja anaonetsa mphamvu imene ndinawagulira. Dzanja litapanika, lamba anayamba kuterereka n'kufuka utsi, koma mota sinasiye kukoka. Ndinatambasula dzanja lamanzere kufuna soketi. Inali kutali. Ndinayesa ndi mwendo. Inali kutali. Kutsogolo kwa mphuno yanga kunali bowo lopanda kanthu pamene panayenera kukhala kabatani kofiira.

Ndinakuwa. Ine amene sindinalirepo pamaliro a bambo anga, ndinaitana amayi amene anamwalira kalekale. "Amao! Amao!"

Abiti Saidi anakankha chitseko n'kulowa, koyamba m'moyo wake. Chitseko chimene anakankhacho chinaphimba soketi.

"Ndizimitse pati? Bambo, ndizimitse pati?"

Ankayang'ana pamakina, pomwe munthu aliyense wanzeru angayang'ane. Panalibe kanthu. Ndinkati "kukhoma, kukhoma," koma makoma ndi anayi, ndipo mkazi amene sunamulolepo kulowa sangadziwe khoma lake. Anathamangira kunyumba kukagwetsa swichi yaikulu ya pamita. Kanthawi kamene anathamangako sindikufuna kukafotokoza. Ndinamva fupa likuthyoka.

Amuna amene ankapita kumzikiti ndiwo anabwera, atavala zoyera ngati ine. Anadula mkanjo ndi mpeni, anamanga mkono ndi chitenje cha mkazi wanga, anandikweza panjinga yamoto, wina atandigwira kumbuyo. Njira yonse ndinanyamula dzanja langa ndi linzake ngati mwana wakhanda. Sindinkaliyang'ana.

Kuchipatala ndinachita chinthu chimene sindinachitepo kwa bwana aliyense. Ndinachonderera. Ndinawauza adokotala kuti ngati n'kudula, adule lamanzere, adule mwendo, koma lamanja andisiyire. Anati sizisinthanitsidwa choncho. Anayesetsa, sindingawanene zoipa. Ananditumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko anayesetsanso. Chala chachikulu ndi chamkombaphala sizinabwerere nane kunyumba. Zotsalazo zinauma, zinapindika ngati mbedza.

Mwina wina wa inu akuti, nanga lamanzere silipo? Kwa ife lamanzere lili ndi ntchito yake, ndipo ndi ya kuchimbudzi. Lamanja ndilo limadya, limapereka moni, limalandira ndi kupatsa. Pasadaka amuna timazungulira mbale imodzi ya mpunga. Sadaka yoyamba nditachira ndinakhala pansi ndi anzanga, ndinapisa dzanja. Mpunga unapulumuka pakati pa zala n'kugwera pamkanjo. Ndinayesanso, unagwanso. Palibe anaseka. Onse anayang'ana kumbali, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa. Mnzanga wina anandisunthira supuni mwakachetechete. Supuniyo inandikananso. Ndinanena kuti ndadya kale kunyumba, ndinanyamuka.

A Shehe anandiyendera. Anati Mulungu sasenzetsa munthu katundu woposa mphamvu zake, wovulala akhoza kudya ndi lamanzere popanda tchimo. Ndikudziwa kuti akunena zoona. Koma mbale ndi imodzi, ndipo ine sindingapise lamanzere mmene akudyamo amuna anzanga. Tsopano pasadaka ndimafika, ndimapemphera nawo, mbale zikamatuluka ndimachoka. Kunyumba ndimadya chitseko chili chotseka. Paswala, pamene aliyense amakweza chala chamkombaphala kuchitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi, ine ndimamva chala chikukwera, koma ndikayang'ana pabondo palibe kanthu.

Jeneza ija anakaipereka kwa owotcherera. Anaikonza tsiku limodzi.

Inu owerenga, makamaka inu okonda kugwiragwira zitsulo kuseri kwa nyumba, ndimvereni, poti ine sindibwereza mawu. Mukamagula dirilo yapatebulo musainyamule kuti muyese kulemera. Auzeni ayiyatse. Ikamazungulira, zimitsani pakhoma, kenako yatsaninso. Ikadzuka yokha, isiyeni pomwepo, ngakhale akupatseni yaulere. Magetsi athu mukuwadziwa, amapita osatsanzika ndipo amabwera osaodira. Chozimitsira chikhale kutsogolo, pamene dzanja lotsala lingafike. Yopanda vaisi musatenge, chitsulo sichigwiridwa ndi zala. Mkanjo ndi wa kumzikiti, muuvule musanalowe kumene kuli chozungulira. Ndipo a m'nyumba mwanu lowani nawo, muwaonetse pozimitsira. Tsiku limene mudzawafuna simudzakhala ndi mawu ofotokozera.

Wogulitsa wa m'sitolo uja ndinakumana naye kumsika. Anatambasula dzanja kuti andipatse moni, anaona langa, anabweza lake n'kuligwira pachifuwa. Sananene za chidole. Ndikanakonda akananena.

Dirilo ija ikadali patebulo. Waya wake ndinauza Abiti Saidi audule, ndipo anaudula. Mwana wanga akuti ndiigulitse, ndakana, chifukwa ikakadya dzanja la wina mlandu ndi wanga. Ndinaganiza zoiphwanya kuti isadzadzukenso. Ndinalowa m'kashedi, ndinatola hamala yanga yaikulu. Inagwa pansi ndisanaikweze.