Ndege imene sinatere kwathu

Ndinaganiza zochoka sabata imene nyuzipepala yathu inachotsa ntchito atolankhani atatu, ine mmodzi mwa iwo. Mkazi wanga anali atapeza kale ntchito ya unamwino ku Perth, choncho ndinamutsatira. Nkhani yanga yomaliza inali yoyamikira bwalo la ndege limene linali litangotsegulidwa m'boma la kwathu. Ndinalemba kuti boma lililonse m'dziko muno liyenera kukhala ndi lake. Bambo anadula nkhaniyo n'kuisunga m'Baibulo, ngakhale mpanda wa bwalolo unadya theka la munda wawo.

Tinkakhala ku Girrawheen, dera lina la mu Perth, ndipo ine ndinkanyamula mabokosi a zipatso kumsika wa Canning Vale. Kumeneko sabata imatha osamva munthu akutchula dzina lako molondola. Lamlungu lililonse ndinkaimba foni kumudzi. Bambo sankafunsa za ndalama zimene ndinkatumiza. Ankangofunsa kuti ndidzatera liti pabwalo lija, ine n'kumati chaka chamawa. Ndinayankha choncho zaka zisanu ndi chimodzi.

Bambo anamwalira Lolemba. Ndinapempha achimwene anga, a Yohane, kuti maliro asaikidwe mpaka Lachinayi masana, popeza tikiti yanga inali yofika kwathu kwenikweni: Perth, Johannesburg, Lilongwe, kenako mphindi makumi asanu pa kandege kakang'ono.

Lachinayi m'mawa ku Lilongwe, opita kwathu tinalipo atatu. Mayi wa pakauntala anafotokoza mwaulemu kuti ndege siinyamuka ndi anthu atatu. Boma loyandikana ndi lathu linamanganso bwalo lake, ola limodzi lokha pagalimoto kuchokera pa lathuli, ndipo mabwalo awiriwa amalimbirana anthu omwewo: madokotala, ogwira ntchito m'mabungwe, ndi ife obwerera maliro. Tsikulo opita uko analipo anayi. Maulendo onse awiri anawaimitsa. Likanakhala bwalo limodzi, anthu asanu ndi awirife tikananyamuka.

Ndinakwera minibasi. Msewu wake sunakonzedwepo chichokereni ine, ndipo tinayenda maola asanu ndi anayi. Bambo anaikidwa ndili panjira. Kunkatentha, ndipo anthu anali atadikira masiku atatu.

M'mawa mwake achimwene anandiperekeza kumanda. Njira yake imalambalala mpanda wa bwalo lija. Mkatimo ndinaona mlonda mmodzi, ndi phula losalala kuposa msewu uliwonse m'boma lonselo.

"Atolankhani," anatero achimwene osandiyang'ana, "ndege yanu ija tinaidikira pano mpaka abusa anatopa."

Titabwerera kunyumba, amayi anatsegula Baibulo la bambo n'kundipatsa kapepala kaja, katayamba kufiira.

"Tenga, mwananga. Ankati udzawawerengera wekha ukadzatera."

Ndinakawerenga nditaimirira. Zonse zinali zolondola: kutalika kwa bwalo, mipando ya m'chipinda chodikiriramo, ngakhale mtundu wa penti. Funso limene sindinafunse aliyense linali limodzi lokha: adzakwera ndani?