Nkhuku ya pa Dashibodi ya a Merv Trengove

A Merv Trengove ndi mdala wa zaka 61, wamfupi, wa khosi lofiira ngati nyama yowamba. Akamayenda amapendekera kumanzere, chifukwa anameta nkhosa zaka makumi atatu mpaka msana unakana. Mawu awo ndimawatha kuwatsanzira ine. Umangotsina mphuno, pakamwa osatsegula kwambiri kuopa ntchentche, kenako n'kunena kuti, "Eeh. Ayi. Eeh." Basi, ndiye kuti wamaliza zonse zimene a Merv alankhule tsiku limenelo.

Anabadwira ku Minlaton, sukulu anaithawa ali ndi zaka 14. Msana utakana anagula pikapu yoyera ndi galu, n'kuyamba maganyu okusa nkhosa m'mafamu a eni ake. Mlimi akafuna kulowetsa nkhosa masauzande awiri m'khola kuti zimetedwe kapena zikwere lole, amaimbira a Merv. Lero ali ku Balaklava, mawa ku Snowtown, mkuja kumsika wa ziweto ku Dublin. Ntchito yawo yonse ili pa msewu. Muwalande laisensi, ndiye kuti mwawalanda mbale. Galuyo dzina lake ndi Nugget, wofiirira, makutu ali njo, ndipo kunena zoona ntchito amagwira ndi iyeyo. A Merv amangoimba mluzu atatsamira geti.

Ine ndimayendetsa vani ya abwana, kugawa zitsulo za mathirakitala, ndiye msewu waukulu wa Port Wakefield ndimaudutsa kanayi pa sabata. Makamera akale aja ogwira othamangitsa galimoto tinali titawazolowera tonse. Ukaliona bokosi, buleki, kudutsa ngati uli pa mdipiti wa maliro. Ukangolipitirira, moto. Kenako anabweretsa atsopano, awiri: ina potuluka m'Port Wakefield, ina kufupi ndi Two Wells, pakati pake makilomita 50 ndi kanthu. Yoyamba imalemba nambala ya galimoto yako ndi nthawi, yachiwiri chimodzimodzi, kenako kompyuta imachita samu. Malire a liwiro ndi 110. Ukafika pa yachiwiri maminitsi 28 asanakwane, ndiye kuti unathamanga penapake, olo pasakhale munthu wokuona.

A Merv sanazimve zimenezo. Nyuzi sawerenga, wailesi ya m'pikapu inafa kalekale. Anangoona kuti mabokosi achuluka. Pa kamera yoyamba ankamanga buleki bwinobwino, n'kuivulira chipewa. Pakati, moto. Pa yachiwiri buleki, chipewa. Ndipo makalata awo amakatenga ku positi kamodzi pa mwezi. Tsiku limene anapitako anapeza anayi, ofanana ngati mapasa, iliyonse mapointi atatu a chilango pa laisensi.

Anabwera nawo ku shopu ya mapayi ku Port Wakefield, kumene timadyera a pamsewu. Panali ine ndi a Raelene Vogt, mayi wamkulu thupi amene amagulitsa mankhwala a nkhosa m'mafamu, pakamwa ngati wailesi. A Merv anayala makalata aja patebulo.

"Koma ndinamanga buleki," anatero. "Kawiri konse. Ndinaivuliranso chipewa."

"Madala inu, kamera imeneyo siifuna ulemu," anatero a Raelene. "Imafuna samu. Mwafika ku Two Wells msanga ngati muli pa ndege, mukuganiza kuti siikudziwa?"

"Yandiona pati?"

"Siinakuoneni. Yakuwerengani."

A Merv anayang'ana payi yawo. Kenako anati, "Eeh. Ufiti."

Mapointi 12 ndiye kuti laisensi yapita miyezi itatu. Koma amakupatsa kusankha: uimike galimoto miyezi itatuyo, kapena ulumbire kuti ukhala mwana wabwino chaka chathunthu. Ukalumbira n'kulakwanso, olo mapointi awiri okha, ndi miyezi sikisi ya wapansi. A Merv anasankha chaka.

Sabata yotsatira pa dashibodi pawo panali nkhuku. Kawotchi ka kukhitchini kaja kophikira mazira, kooneka ngati thadzi, kopotokola pamimba. Anakamata ndi guluu. Akamadutsa kamera yoyamba ankakapotokola mpaka pa 28, n'kumayenda 105, nkhuku ili tiki tiki tiki. Kamera yachiwiri sankaidutsa nkhuku isanalire. Miyezi khumi ndi umodzi anayenda choncho, malole akuwaimbira hutala, iwo ali nganganga pa 105, Nugget atatulutsa mutu pawindo.

Ife ena tinapeza njira yathu. Makilomita awiri usanafike pa kamera ya ku Two Wells pali pokhotera pambali pa msewu: tebulo la simenti, bini, bulugama mmodzi. Ukadziwa kuti phazi linalemera pakati paja, umakhotera pamenepo n'kudikira kuti nthawi yako ipse. Timapatchula kuti pa Kulapa. Umapeza anthu atatu, anayi, aliyense maso pa foni, wina n'kufunsa mnzake, "Aise, watsala ndi angati?" Nzeru zake palibe, ndikudziwa. Wathamanga kuti udzakhale pansi pa mtengo kumadyedwa ndi ntchentche. Koma msewu uja ndi wowongoka ngati chingwe, phazi limalemera lokha.

A Merv analibe cholapa, komabe ankaima kuti Nugget akodze ndiponso kuti atiseke.

"Ochimwa inu," ankatero akutsika chopendekera. "Lero mpingo wadzaza."

"Abusa, tipempherereni," ndinkatero ine m'mawu awo omwe, nditatsina mphuno.

"Iwe Kade, tsiku lina ndidzakumeta ngati nkhosa."

Zinachitika mu Febuluwale, atatsala ndi masabata atatu kuti chaka chawo chikwane. Kunja kunkatentha madigiri 43, mphepo ikuchokera kumpoto ngati wina watsegula uvuni. Cha m'ma 11 m'mawa ine ndinali pa Kulapa, nditatsala ndi maminitsi anayi. A Raelene anali atangofika, iwo asanu. Tikukangana za mpira, tinangomva matayala kwiii, fumbi kobo. Pikapu yoyera. Sitinakhulupirire, a Merv sakhota choncho.

Anatsitsa windo osazimitsa injini. Chipewa analibe.

"Ndani wapsa?"

"Bwanji abusa, mwachimwa?" ndinatero ine.

"Ndati ndani wapsa!"

Apa m'pamene tinayandikira. Nugget anali atagona pa mpando wa kutsogolo, mwendo wakutsogolo atamangidwa bandeji mpaka paphewa, dovu lili chuchuchu, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera. Njoka yofiirira ya ululu woopsa inali itamuluma pa famu ina kuseri kwa Port Wakefield, akutulutsa nkhosa pansi pa thanki ya madzi. Dokotala wa ziweto wapafupi anali kutali kobereketsa ng'ombe, ndiye pa foni anawauza kuti athamangire kwa mnzake kupitirira Two Wells, amene anali ndi mankhwala a njoka. A Merv ankafuna munthu amene nthawi yake yapsa kuti atenge galuyo adutse naye, iwo atsale adikire.

Panalibe wakupsa. Tinalipo awiri basi.

"Inu mwatsala ndi angati?" anafunsa a Raelene.

A Merv anayang'ana nkhuku. Inali zii. Tsiku limenelo, pa chaka chonse, anaiwala kuipotokola.

"Bweretsani foni," anatero a Raelene, n'kuilanda okha m'thumba la malaya awo. "Dokotala munamuimbira muli pati?"

"Ndikulowa mu msewu waukulu. Kamera ili apo."

A Raelene anayang'ana nthawi ya foni ija, n'kuwerenga ndi zala, milomo ikuyenda. "Mwabwera pa 140, madala opusa inu. Sikisi. Mukhale pano maminitsi sikisi, laisensi yanu ili bwino."

"Dokotala wati miniti iliyonse."

Ine sindinadzipereke. Ndinali ndi mapointi naini anga kale, vani ndi ya abwana. Ndinangoyang'ana bini.

"Ndipatseni galuyo," anatero a Raelene. "Laisensi yanga ndi yoyera ngati ya sisitere. Mapointi atatu sandipha. Kade, tsegula chitseko changa, usangoima ngati chitsa."

A Merv anatsika, anazungulira, anatsegula chitseko cha mbali ya galu. Analowetsa manja pansi pake kuti amunyamule. Nugget anabuula, n'kusanza pa mpando, maso atatembenuka. A Merv anachotsa manja pang'onopang'ono. Anatseka chitseko.

"Dokotala wati ndisamugwedeze. Ndamunyamula kale kamodzi."

A Raelene anakuwa, "Ndiye khalani! Atsala anayi okha tsopano. A Merv! Ndi miyezi sikisi imeneyo, mudzadya chiyani, ubweya?"

Anakwera. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso kutsogolo, ndipo ndinaganiza kuti akhala. Ndinawerenga mumtima mpaka 20. Kenako anati, "Eeh," n'kuika giya. Tinaiona pikapu ikulowa mu msewu, ikuchepa, ikudutsa pansi pa kamera. Magetsi a buleki anayaka pamenepo, ofiira, kenako anazima.

"Wamanga buleki," anatero a Raelene. "Chitsiru cha munthu."

Ine ndinadikira maminitsi anga mpaka anakwana.

Nugget anagona kwa dokotala masiku anayi, anatuluka ali moyo. A Merv, amene ankapita ku positi kamodzi pa mwezi, anayamba kupitako m'mawa uliwonse. Ku shopu ya mapayi tinkachita samu pa mapepala opukutira pakamwa. Wina ati anaima nafe maminitsi atatu, apulumuka. Wina ati awiri okha. A Raelene ati wotchi ya foni ija mwina imathamanga. Kalata inafika pa tsiku la 12. Liwiro la pakati: 127. Mapointi atatu.

Kuno aliyense amadziwa chimene anthu amachita ndi kalata yotere. Kumbuyo kwake kuli malo olemba kuti woyendetsa sanali mwini galimoto, anali uje. Ndi mlandu waukulu akakugwira ukunama, koma pali azimayi ena m'mafamumu ali ndi mapointi a amuna awo, chonsecho sanayendetsepo kupitirira ku tchalitchi. A Merv mkazi alibe. Ali ndi mlongo wawo wamng'ono, a Coral, amene anapuma ntchito yophika ku sukulu ya pulayimale ku Balaklava. A Coral anabwera okha ku shopu kuja ndi cholembera m'manja, ine ndili pa tebulo lomwelo.

"Achimwene, bweretsani ndisaine. Ndinkayendetsa ndine, inu munagwira galu."

"Iwe? 127?"

"Bwanji, sindingathe?"

"Chibadwire sunadutsepo 85. Akumanga chifukwa cha bodza loonekera."

"Kompyuta ikundidziwa ine?"

"Ayi."

"Ndiye bweretsani."

A Merv anapinda kalata ija kanayi n'kuiika m'chipewa. "Ndinayendetsa ndine," anatero. Anatenga payi yawo n'kuyamba kudya, ndipo a Coral anawatukwana mpaka tiyi wawo anazizira.

Laisensi anaipereka kumayambiriro kwa Epulo, nyengo imene alimi ambiri amafuna nkhosa m'khola. Mafamu awiri akuluakulu a ku Snowtown anapeza munthu wina wa njinga yamoto ndi agalu atatu, ndipo ananena poyera kuti sadzabwereranso kwa a Merv. Ang'onoang'ono anatsala, amene a Coral angathe kuwafikitsako. Amawatenga katatu pa sabata, Lachitatu ayi chifukwa ndi tsiku la kwaya. Mlimi akati tiyambe 6 koloko, a Coral amati 8, ndipo imakhala 8. Nugget akugwira ntchito, koma ikangokwana ola limodzi amakagona pansi pa pikapu, lilime panja, ndiye a Merv amathamanga okha kumbuyo kwa nkhosa, chopendekera, akukuwa ngati galu. Zimenezonso ndimazitha, koma pamafunika malo.

Sabata yatha ndinawapeza pothira mafuta ku Dublin. A Coral anali mkati kogula madzi, a Merv atakhala ku mpando wa pasinjala, manja pa maondo.

"Abusa, atsala angati?"

"Miyezi inayi."

"Nanga a ku Snowtown aja?"

"Apita."

"Mukanakhala maminitsi anayi aja, mwinatu galuyo akanapola chimodzimodzi."

"Mwina," anatero a Merv. "Dokotala nayenso wati sakudziwa."

A Coral anatuluka, anakwera, anakonza galasi, anakonza mpando, anakonzanso galasi. "Lamba, achimwene," anatero. A Merv anamanga lamba.