Kukatenga Chuku cha Nthochi za Amayi

Lachisanu ndinanyamuka ku Chinsapo 6 koloko m'mawa, kalata ya aphunzitsi athu a zaulimi ili m'thumba. Nthochi zimene Amayi amapangira zitumbuwa zikutha. Anankafumbwe akuboola matsinde, ndipo mitengo iwiri yagwa kale ndi mikoko yosakhwima. Aphunzitsi anati kusukulu ya zaulimi, kunja kwa tauni, akuyesa chuku chopha tizilomboti.

Minibasi yopita m'tauni inali K1,000. Kudepoti ndinagula chinangwa chophika, n'kukwera ina imene inadikira ola lathunthu, kondakitala akulumbira kuti kwatsala munthu mmodzi.

Ndinafika cha m'ma 10 koloko. Amayi ena ovala gawuni yoyera anawerenga kalata ija n'kundionetsa nankafumbwe wakufa m'kabotolo, atayera mbuu ngati wagwera mu ufa. Kenako anandipatsa jumbo ya mpunga wochita chuku. "Kwathu wotere timataya!" ndinatero. Anaseka n'kundiuza kuti chukucho n'chamoyo, chimamera pathupi la kachilomboko mpaka kafe, koma chikatenthedwa chimafa.

Pobwerera, masana, ndinapeza malo atatha m'minibasi. Mwana wasukulu sasankha pokhala, choncho kondakitala anandikhazika kumbuyo kwa dalaivala, pamwamba pa injini, n'kuponya jumbo yanga pambali panga. Tisanapite patali, ndinaigwira. Inali itayamba kufunda. Ndinapempha kuti tisinthane malo, anthu n'kungoyang'ana kunja.

"Iwe, mpunga woola womwewo ukufunanso mpando?" anatero kondakitala, basi yonse n'kuseka.

Manyazi anandigwira, komabe ndinafotokoza zonse. Amayi ena ogulitsa masamba, amene anakhala kumbuyo, anafunsa ngati ndikunena tizilombo takuda tija togwetsa nthochi. Za kwawo ku Thyolo zinatha choncho, anatero.

"Bweretsa kuno, mwanawe."

Jumbo inadutsa m'manja mwa anthu anayi. Anaiika pakati pa mpiru m'dengu lawo, n'kufunditsa kansalu konyowa kamene amatetezera masamba kuti asafote. Kudepoti anandipatsa ili yozizira, ndi kansalu komwe. Ndinawathokoza, koma dzina sindinafunse.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Amayi ananunkhiza mpungawo n'kukwinya nkhope, koma anatenga chikwanje. Tinadula thunthu la nthochi m'zidutswa, kuwaza mpunga pansi pake, n'kuzivundikira pamatsinde monga anandilangizira amayi a gawuni yoyera aja.

Akuti tidikire masabata awiri. Ngati chukucho chafika chamoyo, sichinapulumuke ndi nzeru za m'kope langa. Kansalu kaja ndachapa, ndipo Loweruka ndikafunafuna amayi a masamba aja kumsika.