Envulopu ya Chidindo Chofiira

Anagogoda Lachitatu m'mawa, mwezi wa Okutobala, ndili mkati mosanja mabuku a ubatizo mu ofesi ya mpingo wathu kufupi ndi Mtakataka. Chiswe chinali chitalowa m'kabati, ndiye ndinaganiza zokhoma thabwa pakhoma. Kuti thabwalo likwane, ndinatsitsa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko n'kuchitsamiritsa pansi. Sichinathepo ola, koma wina anachiona.

Analowa apolisi awiri ndi mkulu wa chipani wa m'dera lathu, munthu wosayina ndi chala.

"Bambo, eni dziko mwawakhazika pansi, inu muli chiimire?" anatero mkuluyo.

Ndinayamba kufotokoza za chiswe. Wapolisi anati chiswecho ndikachifotokozere kutsogolo.

Anandifunsa masiku anayi, funso lake limodzi: anakutuma ndani? Ndinayankha zoona, ndipo kuyambira sabata imeneyo khutu langa lamanzere silimva. Kukhoti sindinapondeko.

M'ndende ndinkagona moyandikana ndi mkulu wina wolima thonje wa ku Golomoti, amene anamangidwa chifukwa chokana khadi la chipani. Ankatsokomola kwambiri. M'mawa uliwonse ankandifunsa, "Akalaliki, kodi lero aitana mayina a otuluka?" Anamwalira mu Juni wa chaka changa chachitatu. Mlonda anati watichepetsera mzere wa phala.

Mu Ogasiti kunamveka zoti kukubwera oyendera ochokera kulikulu. Mkulu wa ndende anandiitana n'kutsegula kachipinda kena.

"Iwe, akuti unali kalaliki. Konza zinyalala izi."

Zinyalalazo zinali mafaelo athu. Mapepala anali m'matumba a feteleza, ena makoswe atamangamo zisa, ena ali ndi zipsera za ketulo ya tiyi. Anthu amene ankatiopseza kuti boma limadziwa ngakhale zimene munthu walota, sankadziwa kumene kuli faelo ya mkaidi ndi mmodzi yemwe. Ndinawanyoza mumtima, ndipo mpaka lero ndimawanyoza.

Ndinagwira ntchito monga ndinaiphunzirira: munthu aliyense faelo yake, mapepala motsata masiku, envulopu iliyonse itsegulidwe. Akuluakulu a ndende anali ndi kachitidwe kawo. Kalata ikabwera ndi chidindo chofiira cha chinsinsi, panalibe wofuna kuitsegula, kuopa kudziwa zimene sayenera kudziwa. Wamng'ono ankaisungira bwana, bwana ankadikira mawu a bwana wake, mpaka kalatayo n'kugwera m'thumba.

Tsiku lachisanu ndinafika pa thumba la makalata amenewo. Mu envulopu ina munali lamulo lotulutsa akaidi asanu ndi awiri. Dzina langa linali lachitatu. La mkulu wa ku Golomoti linali pamwamba pa langa. Lamulolo linasayinidwa Khirisimasi yanga yoyamba ya m'ndende isanafike.

Ndinakaliika pa tebulo la mkulu wa ndende. Analiwerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Ndiye wakhala ukudya ufa wa boma ulele zaka zonsezi?" Anakwiya zenizeni. Kenako analoza dzina lachiwiri. "Nanga uyu ali kuti?"

"Munamukwirira mu Juni, bwana."

"Basi, lemba kuti anatuluka."

Ndinabwerera m'kachipinda muja. Ndinalemba kuti anamwalira ali m'ndende, patatha zaka ziwiri ndi theka atamasulidwa, ndipo pepalalo ndinaliika loyamba m'faelo yake. Sindinada nkhawa kuti aliwerenga.

Anatitulutsa mawa lake, oyendera asanafike. Anthu amandifunsa kuti ufulu unandikomera bwanji. Ufuluwo ndinakhala nawo mpanda umodzi nthawi yonse ija, ine m'selo, iwo m'thumba la feteleza, ndipo tsiku lotuluka chimene ndinamva kwambiri ndi mkwiyo.

Ndisanafike kwathu ndinatsikira pa Golomoti. Mkazi wa malemu ndinamupeza akutola thonje. Anamvetsera zonse osalira, kenako anafunsa:

"Koma abambo, amuna anga ankawada chiyani chonchi?"

"Sankawada, mayi," ndinatero. "Ankangoopa kung'amba envulopu."