Ndinamangidwa pa Thabwa la a Kasiyano

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi akatekisi a kwathu ku Chongoni. Anati a Kasiyano, mmisiri wosema zifanizo za m'tchalitchi, akufuna munthu wowonda. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo ndinkaganiza kuti ndikukaphunzira kusema.

Nditafika, anandiuza kuti ndivule malaya. Anandizungulira kawiri, nawerenga nthiti zanga ndi chala.

"Zikuoneka bwino. Mawa ulawire."

A Kasiyano anaphunzira zojambula kunja, ndipo sankafuna kukopera zifanizo zochokera ku Ulaya. Ankati thupi la pamtanda likhale la munthu wolima kuno. Choncho ntchito yanga inali kuima pa chitsa, nsalu yokha m'chiuno, manja atamangidwa ndi chingwe cha khonje pa thabwa lopingasa. Iwo ankayamba ndi makala pa mapepala a matumba a simenti. Akakhutira, ankalemba mizere pa chipika cha mlombwa, n'kuchotsa zokhuthala ndi kasemasema, kenako mpeni, sandipepala pomaliza. Ine kasemasemayo sindinamugwire miyezi inayi yathunthu. Ndinkabwerera kumudzi mapewa akuwawa ngati ndasenza matabwa kuchokera kuphiri.

Tsiku lina mu Juni, chifunga chitakuta nkhalango yonse ya paini, tinayamba mmawa monga mwa masiku onse. Atangondimanga, panafika anyamata anayi a chipani ofunsa makadi. Mmodzi anatola pepala pansi.

"Mukujambula anthu amaliseche? Tiyeni mukafotokoze ku ofesi."

"Ndimasule kaye mnzangayu," anatero a Kasiyano.

Sanawalole. Ine anangondiseka, n'kutuluka nawo.

Poyamba ndinkati abwera msanga. Ndinakuwa, koma shedi yomwe tinkagwiriramo ntchito inali patali ndi nyumba za anthu, ndipo akazi a Kasiyano, aNangozo, anali kudimba. Manja anachita dzanzi. Kenako miyendo inayamba kunjenjemera, ndipo ndikati ndiipumitse, thupi lonse linkalendewera pa mapewa, mpweya n'kumakana kulowa. Ndinkadzikankha ndi zala za kumapazi, kupuma kawiri, n'kugweranso. Sindinapemphere. Ndinkangoopa kuti chitsa chingagubuduke.

ANangozo anandipeza dzuwa lili pamutu. Anaponya mtolo wa mpiru pansi, nadula chingwe ndi chikwakwa.

"Mayo ine, mwana wa eni!"

Manja anakana kutsika bwinobwino, ndipo anachita kundimwetsa tiyi ngati khanda.

A Kasiyano anabwerera madzulo, atawalanda mapepala onse. Sanalankhule za ku ofesiko. Anakhala pansi nthawi yaitali akuyang'ana mikwingwirima ya m'mikono mwanga.

"Pepa, Beni," anatero. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Panayamba kupweteka pati?"

Ndinakwiya, komabe ndinawalozera: m'khwapa, pansi pa nthiti, kenako pakhosi. Anayang'ana chipika chawo, napukusa mutu.

"Ndiye kuti ndalakwitsa. Chifuwachi ndachisema ngati cha munthu wogona pamphasa."

Mmawa mwake anandipatsa mpeni kuti ndikonze ndekha pansi pa nthiti za chifanizocho. Zala zinali zisanatheretu dzanzi, ndipo ndinadzicheka kawiri.

Ndasema matupi ambiri kuchokera pamenepo, ndipo phewa lakumanzere limandivutabe kukazizira. Munthu akabwera kudzandiimira, ndimayamba ndaima ndekha mmene ndikufunira kuti aimire, mpaka nditamva pamene pakukoka. Ndipo sindimanga munthu. Ndimamupatsa chingwe agwire yekha, akatopa asiye.