Waya wokwana mbali zitatu

Sabata yathayi ndinalowerera nkhondo ya eni ake, ndipo ndinapindula nayo. Ndikuulula ndekha musanamve kwa ena.

Ku Robega kuli madala ena, a Mbewe, omwe anabwera ku Joni ine ndisanabadwe. Mapapo anawasiya mu mgodi, ndipo penshoni yawo imatha mwezi usanafike pakati. Chimawasunga ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba yomwe amachita lendi: mpiru, nkhwani, therere. Amalawi a kuno kabichi akatikola, timathamangira kwa a Mbewe.

Tsoka lake, woyandikana nawo, Rra Modise, mbadwa ya dziko lino, ali ndi mbuzi zomwe sizinaphunzire za malire.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, gulu lathu la Amalawi, lomwe nthawi zambiri limakumana pa za maliro, linakhala pansi. A Mbewe anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Ana anga, mbuzi zandimaliza. Zikalowanso kawiri, ndiye kuti dimba ndilibe."

A tcheya athu anakonza kukhosi. "Wokhudza a Mbewe wakhudza tonsefe." Tinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

"Ndiye ndibwerekeni galu," anatero madalawo.

"Galu ayi, madala," a tcheya anayankha msanga. "Akaluma mbuzi ya mwini dziko, mawa tonsefe tili pa msewu ndi zikwama pamutu. Ife ndife alendo kuno."

"Nanga legeni?"

"Legeni mwina. Koma muzilasa mbuzi ikakhala kuti yalowa kale m'dimba, ndiponso m'miyendo mokha."

"Manje ikalowa kale, ndikhala ndikuteteza chiyani?"

Apa m'pamene mtumiki wanu anaona mwayi.

Mukudziwa kuti ine ndimagulitsa zakale pa msewu. Ndinali ndi mpukutu wa waya wa dzimbiri womwe bwana wina wa ku Safari Gardens anandipatsa ulere ataika mpanda wa magetsi. Miyezi ndi miyezi palibe anaufunsa mtengo, ngakhale ogula zitsulo zakutha ankaudutsa. Ndinaimirira ndi nkhope ya pa maliro, n'kunena kuti vuto la a Mbewe landisowetsa tulo, ndipo waya ndili naye. Gulu linasonkha, n'kugula kwa ine. Mtengo ndinayamba ndaukweza, kenako n'kuutsitsa pamaso pa onse "chifukwa ndi madala athu". Mayi wina anandidalitsa.

Wayayo anakwana mbali zitatu za dimba. Yachinayi tinagwirizana kuti tidzaikambirana pa msonkhano wa mwezi wamawa.

Lachiwiri ndili mu takisi, wailesi inkanena za dziko lina la ku Ulaya lomwe lakhala likumenyana ndi mnzake wamkulu woyandikana naye, ndi za mayiko a mgwirizano wa asilikali omwe akumananso kuti alisonkhere ndalama ndi zida. Ndinaseka ndekha mpaka mayi wa pambali panga anasuntha chikwama chake. Anthu amenewo ndimawadziwa. Ndinali nawo Lamlungu.

Taganizani. Amakumana m'nyumba zozizira bwino, amajambulitsa atagwirana manja, amalumbira kuti womenyedwayo ali naye mpaka mapeto. Mwini nkhondo akapempha galu, amamupatsa legeni. Akadzavomera za galuyo, papita chaka, ndipo amabwera ndi malamulo a komwe angalume. Chifukwa chake n'chomwe chija cha a tcheya: woyandikana nayeyo akapsa mtima, moto ungafike kwathu.

Mantha amenewo sindiwaseka kwambiri. Aliyense amene anagonapo nsapato zili kuphazi kuno ku Joni, atamva kuti alendo akusakidwa, amadziwa kuti a tcheya sanalote.

Chomwe chimandisangalatsa ine monga katswiri wa pa msewu ndi malonda ake. Umatsegula nyumba yosungiramo katundu, umatulutsa zida zomwe zakhalitsa, umazitumiza ndi nyimbo, kenako umadzigulira zatsopano ku fakitale ya kwanu komwe. Wothandizidwa amathokoza, a fakitale amathokoza, iwe umatchedwa mpulumutsi. Ine ndinachita zimenezi ndi mpukutu umodzi wokha ndipo ndinkadziyesa dolo. Kumeneko kuli aphunzitsi anga.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti wolowereredwa m'munda mwake asathandizidwe. Popanda waya wanga wa dzimbiri uja, bwenzi a Mbewe alibe ngakhale tsamba limodzi. Ndikungofunsa kuti ndi thandizo lotani limene limayezedwa kuti munthu asafe, koma asachirenso? Ndipo amene amapereka miyendo yake ndi ana ake pa nkhondoyo ndani, ife osonkha kapena iye?

Lachinayi ndinamva kuti pa famu ina ku Buffelspoort akuzula mpanda wakale. Ndinathamangira ku Robega kukauza madala kuti mbali yachinayi yapezeka, angopirira mpaka gulu lidzakumane.

Ndinawapeza atagwada, pulayala ili m'manja. Anali atazula mitengo yonse ya mpanda n'kuibweza m'kati, waya uja n'kumuzunguliza mpaka nsonga zake zitakumana. Mpanda unali wathunthu tsopano, mbali zonse zinayi. Koma mizere ya therere ndi theka la mpiru zinatsala kunja, ndipo mbuzi za Rra Modise zinali momwemo, zikudya mosathamanga ngati zalipira.

"Madala, mwataya dimba lonseli? Bwanji osadikira msonkhano?"

"Mbuzi zimabwera ku msonkhano wanuwo?" Sanadzutse n'komwe mutu.

"Koma waya wina ndamupeza. Ndikuchotserani mtengo."

"Hayikona, mwana wanga. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti kukula kwa dimba langa ndimakudziwa ndine. Kani mumakudziwa ndinu. Gwira apa, ndimange."

Ndinagwira. Dzimbiri linandidetsa manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito yanga, ndinakhala pafupi ndi kasitomala osatchula mtengo wa chilichonse.